Oyilo Wakuda wa m'Galimoto ya Bambo

Galimoto ya bambo ake a makaniko inayamba ndi kuzengereza. Ukaika giya, injini inkalira bwinobwino, koma galimotoyo ili chiimire, ngati munthu amene waitanidwa ali mkati moganiza zina. Uwerenge mpaka katatu, ndiye gu! n'kunyamuka. Inali ya otomatiki, penti yake itasuluka moti palibe ankakumbuka ngati inali yobiriwira kapena yotuwa, ndipo manambala a mtunda anali atadutsa makilomita 600,000.

Madalawo anaiyendetsa zaka makumi atatu ngati takisi. Maso atayamba kuchita nkhungu, anapereka makiyi kwa mwana wawo wamwamuna, makanikoyo, koma mpando wakutsogolo ayi, umenewo sanapereke. Lachiwiri lililonse ankakhala pamenepo popita kuchipatala kukapimitsa mtima, chipewa chili pabondo, akulamula njira ngati chiwongolero chili m'manja mwawo.

"Khota apa, Kanyimbi. Kutsogoloko kuli maenje."

"Anakwirira kalekale, bambo."

"Anakwirira pamwamba. Khota."

Dzina la Kanyimbi linachokera kutali. Ali mwana ankakwawira pansi pa galimoto yomweyi n'kutuluka akununkha oyilo mpaka m'makutu. Mayi ake ankamuthamangitsira kubafa, koma bambo ake ankamunyamula, kumununkhiza pamutu n'kunena kuti, "Musiyeni kanyimbi wanga, fungo la ntchito limeneli." Tsopano anali munthu wa imvi m'ndevu, wa ana akeake, ndipo padziko lonse panatsala pakamwa pamodzi pokha potuluka dzina limenelo. Iye ankadziuza kuti amalidana nalo. Linali bodza lamkunkhuniza.

Lachiwiri lina, pamphambano ya pafupi ndi chipatala, galimoto inaganiza zozengereza pakati penipeni pa msewu, lole ya simenti ikubwera. Achemwali ake a makanikoyo, amene ankasunga madalawo kunyumba kwawo, anakuwa kumpando wakumbuyo kuti, "Mayo ine!" Lole inadutsa ikuliza hutala, mphepo yake n'kugwetsa chipewa cha madala.

"Iwe," anatero achemwaliwo atapeza mpweya, "umakonza magalimoto a anthu, yakoyi ikufuna kutimaliza. Zoona woumba mbiya amaphikira m'phale. Ukonze chinthu chimenechi, apo ayi bambo sakweranso."

Atafika kunyumba, makanikoyo anatsegula boneti n'kusolola ndodo yoyezera oyilo wa giya. Oyilo ameneyu akakhala watsopano amakhala wofiira psuu. Amene anatsala pakansalu kake anali wakuda bii, akununkha chopserera. Madala anali ataima pambali pake atagwira chitseko. Maso analibe, koma mphuno inali ikadali yawo.

"Ameneyo usamukhudze," anatero.

"Wapsa, bambo."

"Ndikudziwa kuti wapsa. Zaka makumi awiri sindinamusinthe, kumangowonjezera. Ndinakuphunzitsa ndine, waiwala? Timbale ta m'giyabokosi tikamatha, fumbi lake limatsalira mu oyilo. Galimoto ikakalamba, fumbi lomwelo ndi limene limaigwiriziza. Ukataya oyiloyo, wataya galimoto." Anagogoda boneti ndi chala. "Chilichonse chimene galimoto iyi yadutsamo chili mmenemo. Ngakhale ine ndemwe ndili mmenemo."

Anaseka, nayenso makanikoyo anaseka. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma tsiku limenelo anamveka ngati nthabwala za munthu wokalamba.

Galaja anali nayo awiri, iye ndi mnzake wina amene aliyense ankamutchula kuti Wandevu. Ndikuuzeni za Wandevu: ukhondo wake unali matenda. Ankasesa katatu patsiku. Masipanala ankawapachika motsatira msinkhu, ndipo ukaika wina pamalo polakwika, tsiku lonse sakuyankhula. Chigubu chongokhala pashelefu chinkamuyabwa thupi. Oyilo yense wakutha ankamuthira mumgolo waukulu kuseri kwa chitseko, ndipo mgolowo ukadzaza pankabwera munthu wa lole kudzautenga.

"Za fumbizo ndi nthano za madala, ase," anatero Wandevu atamva nkhaniyo. "Mwezi watha ndinachapa giyabokosi ya aphunzitsi aja ndi makina, oyilo yense kutuluka mpaka dontho lomaliza. Galimoto inanyamuka ngati mwana."

"Aphunzitsi ajatu anamwalira sabata yomweyo."

"Eya, koma galimoto ikuyenda."

Aphunzitsi amene ankanenawo anali mkulu wopuma pantchito, kasitomala wawo wa zaka zambiri. Ankakhala pabenchi ya pagalajapo kudikira galimoto yawo, akusimba za mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ankamutchula kuti Tsabola, yemwe anachoka pakhomo zaka makumi awiri zapitazo osabweranso, ngakhale kalata. Chiganizo chilichonse ankachimaliza ndi funso la m'kalasi lakuti, "Mwamva kumbuyoko?" ngakhale womvera akhale mmodzi, ali pansi pa galimoto.

Makanikoyo sanafune makina a Wandevu. Anasankha njira ya anthu odekha: kutsitsa pang'ono, kuthira watsopano pang'ono, kuyenda masabata awiri, kenako kubwerezanso, kuti giyabokosi izolowere osadzidzimuka. Bambo ake sanawauze.

Lolemba m'mawa anaimika galimoto pamwamba pa dzenje la m'galaja, ikadali yofunda, n'kutsikira pansi. Anamasula bawuti yotsitsira. Oyilo anatuluka mwaulesi, wolemera, osapanga phokoso m'beseni. Kumapeto kwa bawutiyo kumakhala kamaginito kogwira tizitsulo, ndipo tizitsulo take tinali titaima njoo, totuwa ngati tsitsi la nkhalamba. Anapukuta ndi chala. Anakhuthulira oyiloyo m'chigubu chachikasu kuti ayeze: malita atatu. Anathira atatu ofiira kudzera pafanelo, n'kuliza injini, phazi pabuleki, akusuntha giya malo ndi malo kuti oyilo ayende monse. Chigubu chija anachiika pashelefu yapamwamba, kuseri kwa matayala.

Mawa lake galimoto inayenda ngati yamva uthenga wabwino. Ukaika giya, kamodzi, kawiri, yanyamuka. Achemwali anaombera m'manja kumbuyo. Makanikoyo ankayang'ana bambo ake ndi ngodya ya diso, kudikira kukalipiridwa, pakuti munthu ameneyu ankamva bawuti yomasuka ali m'tulo. Koma madala anali duu, chipewa pabondo. Anadutsa pokhotera paja pa maenje, osanena kanthu. Anadutsa pamphambano, osanena kanthu.

"Kodi msewu uwu anaumanga liti?" anafunsa kenako.

"Uti, bambo?"

"Uwu tikuyendamowu. Ndi wabwino. Ukupita kuti?"

Munthu amene anayenda msewu umenewo zaka makumi atatu, amene ankadziwa mtengo uliwonse ndi galu aliyense wa m'mbali mwake! Dokotala atauzidwa anangogwedeza mutu, nati ndi ukalamba, kuiwala kumabwera choncho, lero msewu, mawa china. Achemwali anavomereza. Makanikoyo nayenso anavomereza, chifukwa kuvomereza kunali kosavuta.

Patatha masabata awiri anatsitsanso malita atatu. Chigubu chachiwiri, choyera, chinakakhala pambali pa chachikasu chija. Masana ake anapita kukawaona madala, atanyamula malalanje. Anawapeza pabalaza, ataima moyang'anizana ndi chithunzi cha pakhoma, mphuno itatsala pang'ono kukhudza galasi.

"Wabwera, Kanyimbi? Tabwera undithandize. Mayi awa ndi ndani?"

Chinali chithunzi cha malemu mayi ake. Anakhala m'banja zaka makumi anayi ndi zinayi.

"Akongolatu," anatero madala. "Ndi achibale a apongozi ako?"

Achemwali anathawira kukhitchini atatseka pakamwa ndi nsalu. Makanikoyo anaima ndi malalanje ake, dzuwa likuwala bwinobwino pawindo. M'mutu mwake munkangomveka chala chija chikugogoda boneti.

"Bwanji sukundiyankha, Kanyimbi?"

"Ndi mayi, bambo. Akazi anu."

"Aa, iwe! Usamaseweretse akulu."

Mawa lake anafika kugalaja Wandevu asanabwere. Anatsitsa zigubu ziwiri zija n'kuziika pabenchi. Munthu wa zaka makumi anayi, makaniko wodziwika, kununkhiza zigubu ngati galu pamsika! Anadzichitira manyazi, komabe anatsegula chachikasu. Poyamba linali fungo lopserera lija basi. Atakoka mpweya kachiwiri, pansi pa fungolo panali lina: phula lonyowa ndi mvula yoyamba, fumbi la msewu wa kumapiri, utsi wa pasiteshoni ya mabasi. Anatseka msanga. Anatsegula choyera. Apo ndiye anakhala pansi pasimenti. Munali fungo la mafuta amene mayi ake ankadzola m'manja akamaliza kuchapa. Zaka zisanu ndi ziwiri chimwalirire, fungo limenelo anali asanalimvenso.

Anatenga kapu ya tiyi ya Wandevu, mumve bwino, ya Wandevu, n'kuthiramo oyilo wa m'chigubu choyeracho mpaka theka. Anatsegula boneti, kuika fanelo, n'kubwezera oyiloyo mmene anachokera. Analiza injini. Anasuntha giya malo ndi malo.

Foni inalira m'thumba la ovolosi injini isanatenthe n'komwe.

"Iwe, tabwera," anatero achemwali. "Bambo akulira. Akuitana mayi. Akuti bwanji sitinawauze kuti anamwalira, akuti anawalonjeza nsapato. Tamva."

Ndipo anamva, patali m'foni, mawu a bambo ake akuitana mkazi wawo ndi dzina lachibwana limene ana sankaloledwa kulitchula. Theka la kapu linabweza zimenezo. Makanikoyo anazimitsa injini n'kutsamira chiwongolero. Anachita mantha kwambiri, mantha enieni a m'mafupa, koma pansi pa manthawo panali chimwemwe, chifukwa zigubu zonse ziwiri zinalipo, oyilo ali momwemo.

Sanauze munthu. Akanayamba bwanji? Achemwali akanamutengera kwa dokotala yemwe uja. Wandevu akanaseka mpaka kugwera m'dzenje, ndipo pofika madzulo msewu wonse wa magalaja ukanadziwa kuti makaniko uja akusunga bambo ake m'zigubu. Ngakhale kulemba pazigubupo kuti "osataya" anaona ngati n'kudziulula. Anazibwezera kuseri kwa matayala, nati Loweruka.

Vuto linali la ntchito yeniyeni. Giyabokosi siili ngati thumba loti ungokankhiramo zinthu. Ukadzazitsa, oyilo amachita thovu, magiya n'kusokonekera. Kuti malita asanu ndi limodzi abwerere, ena asanu ndi limodzi anayenera kutuluka kaye, ndipo bawuti yotsitsira imangopereka atatu. Panafunika kumasula chibeseni chonse cha pansi pa giyabokosi, chokhala ndi mabawuti makumi awiri. Ankadziwa kuti mu oyilo wotulukayo mukhalanso gawo la bambo ake limene linali lisanachoke. Anati palibe kanthu, amusunga bwino, amusiye adikhe, wakudayo atsike pansi, adzabwezera pang'onopang'ono. Galimoto ikhala yopanda kanthu mphindi makumi awiri zokha. Nanga mphindi makumi awiri n'chiyani?

Loweruka m'mawa Wandevu anapita kukagula zipangizo. Makanikoyo anatsitsa zigubu, kuzitsegula, kuziika m'mbali mwa dzenje pamodzi ndi fanelo. Anatsikira pansi ndi beseni lalikulu limene analitsuka katatu. Mabawuti anamasuka limodzilimodzi, oyilo n'kuyamba kutsika m'mphepete, kenako wonse khuthu. M'galajamo munali zii, moti ankamva dontho lililonse. Anatsitsa chibeseni chija n'kuchiika pambali. Mkati mwa giyabokosi munali poyera, mukudontha.

Foni inalira.

"Bambo atuluka! Ndinali kubafa, geti ndaipeza yotsegula. Kumsewu waukulu kuli malole, iwe! Thamanga!"

Apa ndi pamene analakwa, ndipo akudziwa mpaka lero. Akanakhala pansi pomwepo, kumanga mabawuti makumi awiri, kuthira zigubu ziwiri, madala akanatembenuka okha n'kubwerera kunyumba akudandaula za maenje. Koma mwana akamva kuti bambo ake ali pamsewu wa malole, miyendo siifunsa mutu. Anatuluka m'dzenje, kudumphira panjinga yamoto ya kasitomala, ulendo.

Anawasaka maola awiri. Kumsika kulibe, kuchipatala kulibe, kumene ankaimika takisi kale kulibe. Anawapeza dzuwa lili paliwombo, atakhala pabenchi ya pamalo okwerera basi, opanda chipewa, nsapato imodzi ili m'manja. Ankayang'ana magalimoto odutsa ndi nkhope yosalala ngati mbale yotsukidwa.

"Bambo!"

Madala anatukula maso mwaulemu. "Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Ndine, bambo. Ndine."

"Pepanitu. Mukundidziwa?"

Anagwada pamiyendo pawo, anthu akuyang'ana. Anawerama, kusendeza mutu wake wonunkha oyilo pafupi ndi mphuno yawo, monga mmene ankachitira ali mwana. Madala anabweza mutu pang'ono, mwaulemu womwe uja, ngati munthu amene wapatsidwa chakudya chachilendo.

"Mwina mungandithandize," anatero. "Ndikudikira munthu, koma sindikudziwa kuti ndani."

Makanikoyo analira pomwepo, osabisa. Kenako anapukuta nkhope, kuimitsa takisi, kukawasiya kwa achemwali. "Muwagwire dzanja, osawasiya," anatero. "Ndipatseni ola limodzi." Achemwali anamukuwira kuti ukupita kuti bambo ali chonchi, ukuganiza za galimoto nthawi ino, ndiwe munthu iwe? Iye sanatembenuke.

Atangolowa m'galaja, chimene chinamulonjera ndi fungo la sopo. Pansi panali ponyowa, poyera mbee. Fanelo inali pamsomali wake. Beseni lalikulu linali litatsamira khoma, likuuma. Ndipo pawaya wa pawindo panali zigubu ziwiri, chachikasu ndi choyera, zitapachikidwa chadodolido, zotsukidwa ndi parafini, zikudontha timadzi toyera.

Wandevu anatuluka m'dzenje akupukuta manja, nkhope ili ngwee ngati munthu amene wachita zabwino.

"Koma ase, umasiya bwanji malo chonchi? Zigubu pakamwa yasaa, beseni pakati pa njira. Ndakuthandiza. Chibeseni chija ndamanga, mabawuti onse makumi awiri. Changotsala n'kuthira watsopano. Komanso ndani anamwera oyilo m'kapu yanga?"

"Oyilo uja ali kuti?"

"Uti? Wopsa uja? Mumgolo, nanga kuti? Wa lole akubwera Lolemba."

Makanikoyo anayang'ana kuseri kwa chitseko, ndipo kamtima kena kanamuuza kuti zikhoza kutheka: wathiridwa kumapeto, ndiye kuti ali pamwamba, akhoza kumuwengula mosamala. Koma kuseri kwa chitseko kunalibe mgolo. Unali pakhomo, panja, pamthunzi.

"Ndaugubuduza kuti wa lole asavutike," anatero Wandevu. "Wolemeratu. Bwanji ukundiyang'ana choncho?"

Sanamumenye. Sanamutukwane. Akanamunena chiyani munthu amene wangochita zimene amachita tsiku lililonse kwa zaka khumi ndi zisanu? Madzi akatayika sawoleka. Anapita pamgolo, kuuimika, kumasula chotsekera. Mkati munali mdima wandiweyani ukuyendayenda pang'onopang'ono, nkhope yake ikugwedezeka pamwamba. Malita mazana awiri. Oyilo wa ma injini, wa magiya, wa maminibasi, wa galimoto ya azamba, wa lole ya ophika buledi, wa anthu amoyo ndi ena amene anapita. Anaweramira n'kununkhiza. Munali chilichonse. Munali mvula, fodya, thukuta, maluwa a pamaliro, choko, mkaka wa khanda. Penapake patali, kamodzi kokha, anamva mafuta a m'manja mwa mayi ake, kenako anasowa.

Anatenga nsalu yoyera, kuikulunga pafanelo, n'kuyamba kutunga ndi jagi.

"Ase, wapenga?" anatero Wandevu. "Mmenemo muli oyilo wa injini, muli madzi, muli zinyalala za chaka chonse! Giyabokosi imeneyo siitha sabata. Ukudziwa iwe mwini."

"Ndikudziwa."

"Nanga ukuchitiranji?"

"Gwira fanelo."

Mawu ake anali otani sindikudziwa, koma Wandevu anagwira fanelo, osafunsanso. Malita asanu ndi limodzi analowa, akuda, ochedwa. Makanikoyo analiza injini, phazi pabuleki, n'kusuntha giya malo ndi malo. Pansi panamveka kung'ung'udza, ngati anthu ambiri akuyankhulira m'chipinda chotseka. Ataika giya yopita kutsogolo, galimoto sinazengereze n'komwe. Inanyamuka msanga, mwaukali, ngati yakhala ikudikira.

Ulendo wa kwa achemwali unali wa mphindi khumi, koma sadzauiwala. Galimoto inkasintha magiya pamalo osayenera. Pafupi ndi nyumba ina ya geti yabuluu, imene iye sankaidziwa, inatsitsa liwiro yokha ngati yafika kwawo. Pasukulu ina inachitanso chimodzimodzi, mpaka anachita kupondereza. Dzuwa linali lowala, ana ankasewera mpira m'mbali mwa msewu, mayi wina ankayanika zovala, ndipo iye yekha ndi amene ankadziwa kuti m'galimotomo sali yekha.

Anapeza madala atakhala pakhonde, achemwali atawagwira dzanja monga anawauzira. Injini itangomveka pageti, madalawo anatukula mutu. Anasolola dzanja lawo, kuimirira okha popanda ndodo, msana uli chilili kuposa mmene unakhalira zaka zambiri. Nkhope yosalala ija inali itadzaza. Maso ankawala.

"Mwana wanga!" anakuwa. "Wabwera, mwana wanga!"

Makanikoyo anasiya chitseko chotsegula n'kuthamanga. Madala anamukumbatira mwamphamvu, akumusisita kumsana, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Achemwali anagwada pakhonde akuthokoza kumwamba. Iye anatseka maso, mtima ukubwerera m'malo, akudikira liwu limodzi lokha.

"Ndinkadziwa ine," anatero madala m'khutu mwake. "Anthu ankati sadzabweranso, ine ndinkati adzabwera. Zaka makumi awiri, Tsabola! Ngakhale kalata? Koma palibe kanthu, wabwera." Anatukula mutu n'kuyang'ana pabwalo popanda munthu, chala chili m'mwamba. "Mwana wanga wabwera. Mwamva kumbuyoko?"

Achemwali anasiya kupemphera.

Makanikoyo anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti aone nkhopeyo. Inali ya bambo ake, makwinya omwewo, chipsera chomwecho pachibwano. Koma kamwa linkamwetulira mwa mtundu wina, ndipo zala zinkatikitana ngati zikuchotsa fumbi la choko.

"Bambo," anatero chapansipansi, "nanga Kanyimbi?"

"Ndani ameneyo? Mnzako? Muuze alowe." Madala anakwinya mphuno n'kumukankha pang'ono mwachikondi. "Koma ukununkhatu oyilo, mwana iwe. Upite ukasambe kaye, ndiye tidzacheze bwino."

Bambo ake sanamuuzepo mawu amenewo chibadwire.

Kumbuyo kwake injini inali ikulirabe, ndipo khutu lake la umakaniko linkamva kale kaphokoso kopyapyala pansi pa galimoto, ka zitsulo zimene zayamba kudyana. Wandevu sananame. Sabata imodzi, mwina masiku asanu. Pambuyo pake ngakhale munthu uyu, amene wabwereka thupi la bambo ake kuti alandire mwana wa eni, adzachoka, patsale nkhope ya pabenchi ija.

"Iwe, akunena chiyani?" ananong'ona achemwali. "Tsabola ndi ndani?"

Makanikoyo anatembenuka. Anapita kugalimoto, kuzimitsa injini kuti isathe msanga, n'kubwerera pakhonde. Madala anali atakhala kale, akumenya ndi chikhatho pampando wa pambali pawo, maso ali pa iye, odzaza ndi chikondi cha zaka makumi awiri chimene sichinali chake.

"Tsabola," anaitana. "Ukundimva?"

Makanikoyo anavula ovolosi yake n'kuipinda, fungo lili mkati. Anaisiya pansi pa masitepe, n'kukakhala pampando uja.

"Ndikumva, bambo," anatero. "Ndabwera."